Mphete pa Khomo la Maginito

A Dalaivala, munthu amene anayendetsa basi mpaka imvi kuti mbuu osaopa chitunda kapena wapolisi wa pamsewu, anali atakhala pa benchi m'kachipinda kosinthira zovala kuchipatala, atavala chimkanjo chotseguka kumsana, dzanja lamanzere atalipanikiza kukhwapa. Akazi awo, a Telala, anali chiimire pa katani atanyamula thalauza, lamba ndi makiyi, uku makina a MRI, aja ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, akugogoda kuseri kwa khoma.

Dokotala anali ataona kuti pulositeti yawo, kachiwalo ka amuna kamene kamakhala kunsi kwa chikhodzodzo, yakula mokayikitsa. Ankafuna chithunzi chooneka bwino kuti adziwe pobaya singano n'kutengapo kanyama kokapima. Tsiku limeneli a Dalaivala analidikira mpaka kutopa, ndipo kuliphonya kunali kubwerera kumchira kwa mzere.

Koma ine ndikuuzeni pano pomwe, musavutike n'kuganiza: a Dalaivala sankaopa makina. Ankaopa mphete. Kalekale anataya mphete yawo yaukwati yagolide, n'kugula ina yachitsulo chopaka utoto pamsika. Tsiku lomwelo atafika kunyumba anathamangira pa sinki kukabisa dzanja m'thovu la sopo, ndipo kuyambira pamenepo mbale za m'nyumba imeneyo amatsuka ndi iwo, chifukwa cha manyazi okhaokha. Chala chinanenepa, mphete inakanirira. M'mawa umenewu, pamaso pa akazi awo, anali atauza mayi wojambula motukumula chifuwa kuti, "Golide weniweni uyu." Wojambulayo anati chabwino, golide maginito samukoka, koma akayesabe pakhomo ndi kamaginito kam'manja.

"Sindilowa," anatero a Dalaivala.

"Mwati?"

"Ndati sindilowa. Ndipatseni thalauza langa."

"Thalauza lili ndi zipi, bambo. Zipi ndi chitsulo. Ati chitsulo chisalowe."

"Eya, n'chifukwa chake ndikulifuna! Ine ndi thalauza langa, tonse sitilowa."

A Telala analipinda thalauzalo bwinobwino n'kulikhalira.

"Vuto n'chiyani? Nenani, ndikafunse."

A Dalaivala anayang'ana kudenga kufunafuna bodza, ndipo analipeza msanga.

"Kachipangizo kaja kothandiza makina kujambula. Koyilo. Kodi mwamva kumene akufuna kukalowetsa?"

"Ndamva. Kumbuyo, kotulukira chimbudzi."

"Aaa, mayi! Tsitsani mawu! Kunjaku kuli anthu!"

"Mwafunsa ndinu."

"Ndafunsa kuti mudabwe, osati muyankhe!"

"Ndidabwe chiyani? Pulositeti ili pomwepo, zangosiyana khoma limodzi ngati ife ndi aneba. Inu mukafuna kumva aneba akukangana mumatani?"

"Ine sindimvetsera za eni."

"Mumagunditsa khutu kukhoma la kubafa. Ndimakuonani. Koyiloyo ndiye khutu la makinawo."

"Khutu lake lotalika choncho? Ndamva kuti n'chachikulu ngati chitsulo chosinthira magiya."

"Mwamva kwa ndani?"

"Kwa anthu."

"Dikirani."

Katani inati phethu, a Telala atuluka. A Dalaivala anatulutsa dzanja mwachangu, n'kulavulira malovu pa chala, n'kuyamba kuipotokola mphete ija mano ali gwa. Chala chinangofiira n'kutupa kuposa kale. Atamva nsapato zikubwera, dzanja linabwerera kukhwapa.

A Telala analowa atanyamula kandodo kapulasitiki kokhala ndi kamutu kofewa ndi nthambo yolendewera, atakakweza m'mwamba ngati apambana chikho.

"Nachi! Andibwereka chosonyezera odwala."

"Mwayenda nacho chonchi m'khonde monsemo?"

"Nanga ndikanayenda nacho bwanji? Bweretsani chala chachikulu tiyerekeze."

"Ayi!"

"Chabwino, changa. Taonani. Giya wa basi yanu anali chonchi?"

"Basi zimasiyana."

"Bambo, ine mabowo a mabatani ndawasoka moyo wanga wonse. Chinthu ndikachiyang'ana ndimadziwa ngati chikwana. Ichi chikwana."

"Mayi wanga ine! Ndasanduka malaya tsopano?"

"Ndiponso amachiveka kachikuto katsopano n'kuchipaka mafuta oterera. Inu mumangogona cham'mbali, mawondo kupinda, ngati mmene mumagonera mukakwiya."

A Dalaivala anaona kuti bodza loyamba lafa. Analoza kamutu kofewa kaja ndi mlomo.

"Nanga ichi chofutukukachi n'chiyani?"

"Chibaluni."

"Chiyani?"

"Chibaluni. Chikalowa amachipopa. Taonani." A Telala anatulutsa jekeseni wopanda singano, n'kumulumikiza ku kapaipi, n'kukankha. Kamutu kaja kanayamba kufufuma pang'onopang'ono, a Dalaivala nawo maso akufufuma chimodzimodzi.

"Iii! Basi, basi! Ndine tayala ine?"

"Tayala amalipopa mpaka kulimba gwa. Ichi amangochipopa kuti chisagwedezeke, chithunzi chingatuluke cha mbuu."

"Chikaphulika?"

"Sichiphulika."

"Mukudziwa bwanji? Munayamba mwachiyesa?"

A Telala anaganiza kaye, n'kuona kuti funsolo ndi lomveka. Anachiika pa benchi, n'kutembenuka, n'kuyamba kutsika kuti achikhalire.

"Mayi!" anafuula wojambula kuseri kwa katani. "Chonde musachikhalire, tili nacho chimodzi chomwecho!"

"Pepani! Amafuna umboni bambowa!"

"Ine sindinatume munthu!" anakuwa a Dalaivala.

M'khonde wina anaseka mpaka kutsokomola. A Dalaivala anakoka chimkanjo chija kuti abise mawondo, kumsana n'kutsegukiratu, akakoka kumsana mawondo n'kutulukanso. Ndi dzanja limodzi, abale, ntchito imeneyo ndi yosatheka.

"Tulutsani dzanja linalo likuthandizeni," anatero a Telala.

"Likuzizidwa."

"Limodzi lokha?"

"Linalo n'lolimba mtima. Tandiuzani, nthambo iyi ikupita kuti?"

"Ku makina."

"Ehee! Mwaona? Magetsi! Akufuna andiphike kuyambira m'kati ngati ketulo."

"Sichitulutsa magetsi. Ndafunsa kale. Chimangomvetsera."

"Kumvetsera chiyani kumeneko?"

"Zimene thupi likuyankha maginito akaligwedeza."

"Mayi, kumene kuja kukayankha, sipafunika makina kuti munthu amve."

A Telala anaima kaye, nkhope ili phee.

"Zoona," anatero. "Dikirani ndikafunse ngati chimajambula mawu."

"Musapite! Mayi! Bwererani kuno!"

Anali atapita kale. A Dalaivala anamva mawu a akazi awo akufunsa mwaulemu wonse, momveka mpaka kumapeto kwa khonde. Anaphimba nkhope ndi dzanja lamanja. Lamanzere analiluma ndi mano, kuyesa kuikoka mphete ija, koma inangowasiyira kukoma kwa dzimbiri m'kamwa.

"Ati sichijambula mawu," anatero a Telala polowa. "Atinso makinawo amasokosera kwambiri moti amakutsekani m'makutu. Ngakhale inuyo simudzimva."

"Zikomo kwambiri. Chipatala chonse chadziwa."

"Musathokoze. China?"

"China chilipo! Wolowetsa chinthucho ndani?"

"Dokotala, wojambula uja akuthandizira."

"Wojambula uja ndi mwana wa dzulodzuloli! Bwanji ngati anakwerapo basi yanga? Munthu ankandiona ndili pa chiwongolero, kapusi pamutu, lero andione ndili chonchi?"

"Dikirani."

"Ayi, ayi, ayi, limeneli si funso lokafunsa!"

Katani inati phethu kachiwiri. Panapita kanthawi. A Telala anabwerera akumwetulira.

"Ati anakwerapo nthawi zambiri ali pasukulu. Akukukumbukani bwino."

"Mwaona!"

"Ati tsiku lina munawapitirira pa siteji mvula ikugwa, n'kuwathira matope pa yunifolomu."

"Kalanga ine! Basi ndafa. Lero abwezera. Chibaluni chija achipopa mpaka chitulukire kukamwa."

"Ati anakhululuka kalekale."

"Amatero onse!"

"Atinso mufulumire. Akudikira ena, ndipo mukachedwa alowetsa bambo ena a pa njinga ya odwala."

"Alowe! Mulungu awatsogolere! Ine ndiwapatsa ndi chimkanjo chomwe."

A Telala anaika koyilo ija pa benchi. Sanamwetulirenso.

"Ndiye singano ija akabaye mongoganizira?"

"Asabaye n'komwe."

"Bambo, za magiya ndimakusiyirani, koma za singano mundimvere ine. Ndinasokapo diresi magetsi atazima. Kutacha ndinapeza dzanja la diresi ndalisokerera ku kolala. Chithunzichi ndiye nyale ya dokotala. Popanda icho abaya pabwino, poipa n'kupasiya."

"Ine ndili bwinobwino."

"Achimwene anu ankateronso. Ankati munthu wamkulu savulira ana. Suti yowaika m'bokosi ndinachita kuibweza m'chiuno ndine, mmene anathera. Ndinalira pa makina osokera tsiku lonse. Yanu sindikufuna kuibweza, mwamva? Ndikuopa, bambo. Ndikuopa kwambiri."

Mawuwo anawalasa a Dalaivala, chifukwa achimwene awowo ankawakonda, ndipo mayiwa ankawakonda koposa. Koma munthu wamakani, ngakhale misozi ili m'maso, amafufuzabe pothawira.

"M'makinamo ndi mopanikiza," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndikhala ndekha."

"Simukhala nokha. Ndapempha, andilola kulowa. Mapini onse ndachotsa, ndolo ndavula, ngakhale kamisolo kokhala ndi waya ndasiya kunyumba. Ndikugwirani dzanja mpaka atamaliza. Bweretsani tiyeserere."

A Dalaivala anapereka lamanja.

"Ilo mugwirira kabelu koitanira wojambula. Linalo."

"Likuzizidwa, ndanena kale."

"Ndilifunditsa."

"Lili ndi thukuta."

"Ndilipukuta."

"Lagona!"

"Ndilidzutsa. Bweretsani."

A Telala anagwira chigongono n'kukoka. A Dalaivala anapanikiza. Anakokana, benchi ikulira, koyilo ija n'kugubuduka kugwera pansi, chimkanjo n'kumasuka chingwe cha m'khosi.

"Mayi, mundithyola!"

"Tulutsani!"

"Chala changa chiuluka!"

A Telala anasiya.

"Chiuluka kupita kuti?"

"Ku makina! Simunaone chithunzi chili pakhomo paja? Mpando wathunthu uli m'malere! Nanga kachala kanga n'kachiyani? Ndikangolowa, thwaa, chala patsogolo, ine pambuyo, chimkanjo chili pululu ngati mbendera!"

"Chala si chitsulo."

A Dalaivala anatulutsa dzanja lija pang'onopang'ono, n'kuliika pa bondo. Chala chinali chitatupa ngati soseji. Anayang'ana pansi.

"Mayi a kunyumba, ndili ndi mawu. Mukhale pansi."

"Ndakhala kale. Pa thalauza lanu."

"Mphete iyi..." Anapuma mozama. "Mphete iyi si ija munandiveka."

"Ee."

"Ndikuti si yagolide. Ija ndinataya. Iyi ndi yachitsulo, ya pamsika."

"Ee. Tambasulani chala."

A Telala anali atatsegula kale chikwama. Anatulutsa ulusi wolimba wosokera majini ndi kachidutswa ka sopo kokulunga m'pepala.

"Kodi mwandimva?" anafunsa a Dalaivala. "Ndati ndakhala ndikukunamizani zaka zonsezi!"

"Ndamva. Musagwedeze dzanja."

"Nanga ulusiwu mwautengeranji?"

"Wovulira chitsulo chanuchi. Ati chitsulo chisalowe."

"Mumadziwa?"

"Bambo, ine ndili ndi maginito otolera mapini akagwa pansi. Tsiku lina munagona pa mpando dzanja lili lende, ine ndikutola mapini pafupi. Maginito anangoti kakaka pa chala chanu. Ndinachita kukoka ndi manja awiri. Inu mkonono osasiya."

"Liti limenelo?"

"Mwana wathu woyamba asanayambe kuyenda."

"Mwana amene ali ndi ana akeyo?"

"Yemweyo."

"Ndiye osandiuza?"

"Simunafunse."

A Telala analowetsa nsonga ya ulusi kunsi kwa mphete, n'kukulunga wotsalawo mothinitsa kuzungulira chala mpaka kupitirira pa mfundo, n'kupaka sopo.

"Nanga lero lonseli," anatero a Dalaivala, "bwanji mwandisiya ndikuvutika, kumatukwanitsa dzina langa m'khonde monse?"

"Inu munati vuto ndi koyilo. Ine ndimathandiza za koyilo. Mukanati mphete, tikanayamba ndi mphete."

"Mayo! Mukundidula chala!"

"Pirirani. Ichi n'chopweteka kuposa chibaluni chija, ndiye mukapirira apa kwinako n'kosavuta."

Anayamba kumasula ulusi kuchokera kunsi. Mphete inayenda pang'onopang'ono, ikukwera ulusiwo, n'kudumpha pa mfundo, n'kugwera pansi kuti ngwee. Pamene inali panatsala mzere wakuda wozungulira chala. A Dalaivala anachiyang'ana chalacho ngati m'bale amene anasowa kalekale. Kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira pamimba, misozi ili chuchuchu, a Telala nawo n'kuyamba, awiriwo atatsamirana pa benchi ngati ana asukulu.

"Ndapepukidwa, mayi! Ndapepukidwa ngati basi yotsitsa katundu yense! Bweretsani chibaluni chanucho! Bweretsani ziwiri!"

"Amalowetsa chimodzi."

"Ndikudziwa, mayi, ndikungosangalala!"

Wojambula anasuzumira pa katani, kamaginito kali m'manja, akuyesetsa kuti asaseke.

"Takonzeka, bambo?"

"Kalekale! Ndipo za matope zija, mwanawe, pepani. Mabuleki anali ovuta."

"Zinatha, bambo. Golide uja ali kuti?"

"Wapuma pantchito."

Wojambula anayendetsa kamaginito kaja pa manja a a Dalaivala, pakhosi, m'chiuno. Palibe chinagwira. Anatembenukira kwa a Telala n'kukagunditsa pa mphete yawo. Kamaginito kanangotsetsereka.

"Iyi ndiye golide weniweni. Mukhoza kulowa nayo, mayi."

A Dalaivala anagwira dzanja la akazi awo monyadira.

"Mwaona, mwanawe? Mkazi ndi ameneyu. Yake anaisunga chisungire kuyambira tsiku la ukwati. Ine ndine wosasamala, koma awa, iii!"

"Iyi si yanga," anatero a Telala. "Ndi yanu ija."

"Yanga iti?"

"Imene munataya. Simunaitaye. Thumba la jekete yanu linabooka, inagwera m'nsalu ya m'kati. Ndinaipeza posoka thumbalo. Ndinapita nayo kwa wosula mphete, anaichepetsa."

A Dalaivala anakweza dzanja la akazi awo pafupi ndi maso, kuitembenuza mpheteyo uku ndi uku.

"Nanga yanu?"

"Inapita ndi madzi. Inavuka ndikutsuka mbale, n'kulowa m'paipi ya sinki. Inali isanathe sabata inu musanataye yanu."

"Sindinaone bwanji?"

"Ndinamanga kansalu pa chala, ndinati singano yandibaya. Munati pepani, n'kupitiriza kumvera mpira."

"Dikirani kaye. Dikirani." A Dalaivala anaimirira, chimkanjo chikulendewera phewa limodzi. "Ndiye kuti woyamba kutaya ndinu?"

"Ee."

"Yanga munaipeza, n'kuivala, n'kukhala chete?"

"Ee."

"Ine n'kumatsuka mbale zaka zonsezi! Mapoto! Mafulaipani! Alendo akabwera, ine pa sinki! Anzanga kumandiseka kuti anandidyetsa mankhwala! Manja awa, oyendetsa basi, kuchita kusuwa ndi sopo chifukwa cha manyazi a mphete imene ili pa chala chanu! Ndipo musati simunafunse!"

A Telala anawamangira chingwe cha chimkanjo kumsana, n'kuwasalaza pa phewa, n'kuwatembenuzira ku khomo la makina. Anawagwira dzanja lamanzere lija mwamphamvu.

"Ndikanakuuzani, mbale akanatsuka ndani? Tiyeni, bambo, lowani akuoneni bwinobwino. Wotsuka mapoto ngati inu sindingamupezenso."